Mphindi zoyamba za filimu ya Kamkwamba

Kuno ku Mpingwe mphepo sitichita kuifunafuna. Ikatsika m'phiri mwezi wa Julayi, malata amalira usiku wonse. Mwina n'chifukwa chake nditaoneranso The Boy Who Harnessed the Wind, mphindi zoyambirira ndinazibwereza katatu, kachitatuko nditatsinzina kuti khutu ligwire ntchito palokha.

Filimuyi inatuluka mu 2019. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso akusewera ngati Trywell, bambo ake a William Kamkwamba, ndipo anakaijambulira ku Kasungu komwe nkhaniyo inachitikira. Kamera inali m'manja mwa Dick Pope, yemwe uja anajambula mafilimu ambiri a Mike Leigh.

Gawo loyamba analitcha Kufesa. Koma chimene chikulowa m'nthaka ndi munthu. Chaka ndi 2001, anthu ali m'munda wa chimanga, ndipo John, mkulu wake wa Trywell, akugwa momwemo. Pope sakutithamangitsa. Akupatsa munda malo ambiri, anthu n'kumaoneka aang'ono pakati pa mbewu zawo. Nyumba ya banjali tisanaidziwe bwino, taona kale chimene chikulidyetsa, ndiye njala ikadzafika m'gawo lachinayi, diso limakumbuka munda womwewu uli wodzaza. Palibe wotifotokozera zimenezi. Kukula kwa chithunzi kwanena zonse.

Pamaliro m'pamene khutu limapeza chakudya. Mwambo wa mpingo uli mkati, Gule Wamkulu akutulukira. Mlendo angaone ngati akungokometsera filimu, koma amene anakulira ku Kasungu kapena ku Dowa amadziwa kuti zilombo zimabwera kudzaperekeza mzimu. Mapemphero ndi gule zikumveka pa maliro amodzi, ndipo kamera ikubwerera pa nkhope ya mnyamata amene akungoyang'ana. Tamudziwa William ngati mwana wopenyetsetsa tisanamuone akutsegula wayilesi.

Vuto limayamba pakamwa pakatseguka. Ejiofor anabadwira ku London, Maxwell Simba amene akusewera William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga, mayi wa m'nyumbamo, anachokera ku France. Anayesetsa, ndipo kusankha Chichewa pamene akadatha kugwiritsa ntchito Chingerezi chokha n'kulimba mtima. Komabe chilankhulo chathu chimakwera ndi kutsika: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi kamvekedwe. Kamvekedweko kakasokonekera, Mchewa amayamba kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi kuti amve Chichewa chake. Ine ndinachita zomwezo, mwamanyazi. Lily Banda, yemwe ndi wathu, akangolankhula khutu limapuma. Woonera wa ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance sanamve kusiyana kumeneku, ndipo filimuyi anaikonzera iyeyo poyamba.

Tisaseke msanga. Mafilimu ambiri amene achinyamata athu akujambula ali ndi matenda otembenuza. Chichewa chake n'chokoma, cha pa depoti ya Limbe chenicheni, koma chiyambi chimakhala chomwechomwe: drone ikuuluka pamwamba pa tauni, nyimbo ya pa kiyibodi ikuphimba zonse, mayina akutsika mpaka woonera kutopa. Munthu akayamba kulankhula, mphepo ikuwomba maikolofoni ya pa kamera, mawu n'kumamveka ngati ali m'chidebe. Pamenepo tauni taiona, koma sitinaimve. Oitanira minibasi ali kuti? Sitima ikamalira ku Limbe, matayala pa msewu wa Zomba, mayi wogulitsa mandasi m'mamawa, zonsezi n'zaulere ndipo zimauza woonera kumene ali msanga kuposa drone.

Inu amene mukukonza filimu chaka chino, musanalipire wa drone, bwerekani maikolofoni yabwino ndi mahedifoni. Kwerani phiri la Mpingwe mbandakucha, mujambule mphindi zisanu za phokoso lokha, kamera ili m'chikwama.