Kwacha ya mapointi 18: mawu achilendo a Scrabble ndi matanthauzo ake oduka mchira

Aliyense amene amasewera Scrabble motsimikiza amafika poloweza timawu tachingerezi timene Mngerezi weniweni sangatigwiritse ntchito pamsika: QI, XU, ZO, AA, CWM, QAT. Timawuti timapezeka m'mindandanda ya osewera, monga Collins Scrabble Words, umene umagwiritsidwa ntchito m'mipikisano ya m'mayiko ambiri, ndipo mabuku othandizira osewera amaika tanthauzo la mzere umodzi pambali pa mawu alionse. Masewerawo ndilibe nawo chifukwa. Dandaulo langa lili pa timatanthauzo timeneti, makamaka anthu akayamba kutitenga ngati njira yophunzirira Chingerezi chozama.

Tiyambe ndi chimene chimachititsa mawuwa kukhala a mtengo. Alfred Butts wa ku America, amene anakonza masewerawa m'zaka za m'ma 1930, anapatsa lembo lililonse mapointi molingana ndi kusowa kwake m'Chingerezi. Q ndi Z ali ndi 10, J ndi X ali ndi 8, pomwe A ndi E ali ndi imodzi yokha. Ndiye wosewera akagwira Q popanda U, QI ndi chipulumutso. Sakufuna kudziwa kuti mawuwa anachokera ku Chitchaina, kumene amanena za mphamvu ya moyo imene madokotala akale akumeneko ankati imayenda m'thupi. Akufuna mapointi 11, basi. Umboni wake ndi Nigel Richards wa ku New Zealand, amene mu 2015 anapambana mpikisano wapadziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakuyankhula Chifalansacho. Analoweza mndandanda wa mawu, matanthauzo n'kuwasiya pakhomo.

Kuti muone mmene tanthauzo la mzere umodzi limaphera mawu, musapite kutali. KWACHA ndi TAMBALA ndi ololedwa m'masewerawa, ngakhalenso NGWEE wa ku Zambia. Mabukuwo amangoti ndi ndalama ya dziko lakutilakuti. Si bodza ayi. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti “kwacha” lisanakhale dzina la ndalama, ku Zambia mu 1968 ndi ku Malawi mu 1971, linali chiganizo chathunthu: ku- wogwirizana ndi “kunja”, -a- wosonyeza kuti zachitika kumene, ndi tsinde la mneni -cha. Anali mawu odzutsira anthu pa misonkhano yomenyera ufulu. Tambala naye ndi yemwe uja wolira m'bandakucha, n'chifukwa chake mayina awiriwa amayendera limodzi. Pa bolodi zonsezi palibe. KWACHA ndi mapointi 18, ndipo ukhoza kuwonjezera S n'kupanga KWACHAS. Tangoganizani, eti, mneni wathu wachulukitsidwa ngati mbuzi!

Apa ndiyenera kuchita chilungamo. Kuika S kumeneko si cholakwa pa malamulo a chinenero. Mawu akabwerekedwa amavala zovala za kumene apita. Ifenso tinatenga “buku” n'kuliika m'gulu la Li-Ma, tikumati “mabuku” osapempha chilolezo kwa mwini wake. Ndipo olemba mindandandayi nthawi zina amachita khama: MATAMBALA nawonso amaloledwa, kusonyeza kuti wina anamva kuti ife timachulukitsa kumayambiriro kwa dzina. Chokhacho, tanthauzo lalifupi silingakuuze kuti makobidi ndiwo matambala, pomwe olira pakhola aja ndi atambala.

Tsono ngati mawu athu awiri aduka mchira chotere, nanga a eni ake ena? CWM ndi mawu a Chiwelshi onena za chigwa cha m'mapiri. Osewera amawakonda poti “alibe vawelo”, chonsecho m'Chiwelshi W ndi vawelo, amamveka ngati U wathu. AA ndi mawu a ku Hawaii onena za chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma mokhakhala. Kwawoko amatchulidwa ndi kadzidzi ka pakhosi kamene kalembedwe ka pa bolodi kanataya. XU ndi kakobidi ka ku Vietnam. ZO ndi chiweto cha ku Tibet chobadwa kwa ng'ombe ndi nyama yaubweya yotchedwa yak. QAT ndi masamba amene amatafunidwa ku Yemen, Somalia ndi Ethiopia. Mawu ambiri amene timawatcha Chingerezi chachilendo ndi mawu wamba a anthu ena, amene anangolowa mumtanthauziramawu wa Chingerezi kudzera mwa apaulendo, amalonda ndi atsamunda. Tanthauzo lawo lafika kwa ife litadutsa m'kamwa zingapo, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Osewera ena amati zonsezi n'zosafunika, mawu pa bolodi ndi ngati nkhomo pa bawo. Ndikanavomera, koma mu 2020 bungwe la osewera a ku North America, NASPA, linachotsa pa mndandanda wake mawu oposa 200 onyoza mitundu ndi magulu a anthu. Panali mkangano waukulu, ena akuti ndi malembo chabe. Komatu akanakhala malembo chabe palibe akanawawidwa mtima. Tanthauzo limene analisiya pakhomo linalowera pawindo lili ndi mkwiyo.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi ndi makolo amene amagula mabuku a mawuwa poganiza kuti mwana atola Chingerezi chapamwamba. Scrabble imanola kalembedwe ndi masamu a m'mutu, ndipo imapatsa ulemu: Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala katswiri wapadziko lonse mu 2015 ku Perth, munthu woyamba wa mu Africa kutero. Koma mwana akalemba ZA m'chimangirizo poti bukulo lati ndi pizza, wochonga mayeso adula, pakuti ndi mawu a pamsewu a ku America. Mndandanda umangouza kuti mawuwa alipo. Sunena amawayankhula ndani, kuti, pamaso pa yani. Ndiye mwana akaika mawu achilendo pa bolodi, muwerengereni mapointi ake, kenako mufunseni kuti apange nawo chiganizo. Akalephera, tsegulani limodzi mtanthauziramawu wamkulu mufufuze kwawo kwa mawuwo.