Ng'oma ya Senghor, makina osokera a Césaire

Pali alakatuli ndi aphunzitsi a zolembalemba amene amakhulupirira kuti munthu wakuda ali ndi chibadwa chimodzi chosasintha, kaya akhale ku Dakar, ku Harlem kapena ku Mchinji. Kwa iwowa, ndakatulo siingakhale ya Chiafirika pokhapokha ng'oma ilire, mizimu ya makolo iyankhule, mkazi asanduke nthaka yachonde. Maganizo amenewa afika potopetsa, ndipo apha ndakatulo zambiri zisanabadwe n'komwe.

Mizu yake ili ku Paris m'zaka za m'ma 1930, kumene Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal, Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léon Damas wa ku Guyane anayambitsa gulu la zolembalemba lotchedwa Négritude. Mkwiyo wawo unali womveka, pakuti sukulu za Afalansa zinkawaphunzitsa kuchita manyazi ndi khungu lawo. Koma Senghor anapyola malire. Mu 1939 analemba zopatsa munthu wakuda kutengeka mtima, kulingalira mozama n'kukusiyira Agiriki. Apa anangotola chipongwe cha atsamunda n'kuchidzoza mafuta. Ndakatulo yake yotchuka ya "Femme noire", ya m'buku la 1945, imakoma m'khutu, komatu mkazi wa m'menemo alibe dzina, alibe mudzi, sakwiya, sapita kumsika.

Tsono tsegulani Cahier d'un retour au pays natal, ndakatulo yaitali ya Césaire imene inatuluka koyamba mu 1939. Liwu loti négritude lilimo ndithu, koma mphamvu ya ntchitoyi ili pa kanyumba konunkha, ka matabwa owola okhala makoswe, momwe mayi akupalasa makina osokera a Singer kuti ana adye. Makina a kufakitale, okhala ndi dzina lawolawo! Césaire amabwerezabwereza mneni wa kupalasayo, chiganizo n'kumangotalika osapumira, mpaka wowerenga amve kutopa kwa miyendo ya mayiyo m'mawondo mwake. Kumeneko ndiye kulakatula. Kamvekedwe ka mawu kakuchokera ku phazi la munthu mmodzi wogwira ntchito usiku, osati ku ng'oma yobwereka.

Chapatsogolo wolankhula m'ndakatuloyi amaulula chinthu chochititsa manyazi. Ali mu tiramu anaona munthu wakuda wosauka, wamasanza, akazi ena akumuseka, iyenso n'kumwetulira nawo. Wokhulupirira za chibadwa sangalembe zoterezi, chifukwa kwa iye anthu akuda onse ndi abale a mtima umodzi. Césaire analimba mtima kuonetsa mantha ndi kudzida kwa munthu wophunzira, ndipo ndime imeneyi imaluma kuposa matamando onse a khungu.

Mmodzi mwa amene anakana Négritude molimba ndi Ezekiel Mphahlele wa ku South Africa, makamaka m'buku lake la The African Image la 1962. Iye ankadandaula kuti Afirika wa m'ndakatulozi ndi wosalakwa ngati khanda, wopanda nkhanza, wopanda mizinda. Anali ndi chifukwa chake. Anakulira ku Marabastad, m'mbali mwa Pretoria, pansi pa maboma amene nawonso ankalalikira kuti mtundu uliwonse uli ndi chibadwa chake, choncho ukhale kwaokha n'kuphunzira zoyenerana nacho. Atatsutsa maphunziro a tsankho a Bantu Education, anamuletsa uphunzitsi, ndipo mu 1957 anasamukira ku Nigeria.