Mmisiri Amene Anachirikiza Phiri la Siliva

Mzinda wa Virginia City, ku Nevada m'dziko la America, umakopa alendo ndi tinjira ta matabwa ta mu C Street, nyumba ya zisudzo ya Piper's Opera House, sitima yakale ya Virginia and Truckee, komanso mbiri ya Samuel Clemens, amene anayamba kudzitcha Mark Twain kumeneko mu 1863. Koma luso limene linalemeretsa mzindawu lili pansi pa nthaka.

Siliva wa pansi pa mzindawu, pamalo otchedwa Comstock Lode, anapezeka mu 1859. Ku mgodi wa Ophir, anthu akamakumba mozama, mwala wa siliva unkanka nutambalala, koma unali wofewa, wosachedwa kugumuka. Njira yakale yoimika nsanamira ziwiri n'kugoneka mtanda pamwamba inakanika, chifukwa mtanda ukatalika unkathyoka. Chakumapeto kwa 1860 eni mgodi anaitana Philipp Deidesheimer, Mjeremani amene anaphunzira za migodi ku Freiberg.

Iye sanavutike n'kusaka mitengo yaitali. Anasankha yaifupi, yonenepa, yopalidwa mbali zonse zinayi, nasema nsonga zake kuti zizilowana pangodya. Nsanamira zinayi ndi mitanda yake zinkapanga kachipinda kotalika pafupifupi mamita awiri. Nzeru yake yagona pangodyapo: iliyonse inali yokonzeka kulandira kachipinda kena, pamwamba, pansi kapena pambali, ngati zisa za njuchi. Akangochotsa mwala wokwana kachipinda kamodzi, pomwepo ankaimikapo mitengo, ndipo kumene siliva wakhotera, tizipinda tinkakhotera komweko. Kulemera kwa phiri kunkagawikana pa mfundo zambirimbiri, ndipo nthaka ikakanikiza, mfundozo zinkagwirana kwambiri. Tizipinda totha ntchito ankatidzaza miyala yachabe, n'kusanduka zipilala. Mlendo wolowa mu mgodi wa Chollar lero amatha kuona ndi maso mmene mitengoyo inalumikizirana.

Lusoli linadya nkhalango. Mitengo ya m'mapiri ozungulira Lake Tahoe inagwetsedwa n'kukwiriridwa m'migodi, kuti mzinda umene unafika pa anthu pafupifupi 25,000 m'zaka za m'ma 1870 ukhale ndi poimira.

Deidesheimer sanalembetse njirayi m'dzina lake kuti azilandirapo ndalama. Migodi ina inaitengera mwaulere, mpaka inafalikira kumayiko akutali. Mwini wake anamwalira wosauka ku San Francisco mu 1916, koma amuna ambiri amene phiri likanawakwirira anatuluka amoyo chifukwa cha kasemedwe ka nsonga zija.