Aulutsi a mpira pa wailesi

Tsiku la ndime yomaliza ya chikho, anthu amakhamukira ku Bingu National Stadium, koma ambirife mpirawo timauonera m'makutu. Pamsika, m'minibasi, patsinde pa mtengo wa mango kumudzi, timaunjirira kawailesi. Mu 2021, Silver Strikers itakumana ndi Ekwendeni Hammers kulimbirana chikho cha FDH Bank, wa ku Mzimba ndi wa ku Nsanje anatsata masewerowo kuchokera pakamwa pa muulutsi. Ntchito yake ndi yaikulu: kuloweza mayina a osewera 22, kulondola mpira osaphethira, kulankhula mphindi 90 mawu osasasa. Akangokuwa kuti chigoli, mudzi wonse umadumpha ngati tili pabwalo pomwepo. Aulutsi athu, Mulungu akusungireni mawu amenewo.