Redouté: luso lili ku mizu, osati ku rozi kokha

Dzina la Pierre-Joseph Redouté likatchulidwa, anthu amathamangira ku maluwa a rozi. Zithunzi zakezo zili pa makapu, pa makalendala ndi pa nsalu za patebulo, moti ambiri amangomuyesa wokongoletsa nyumba za anthu olemera. Kwa ine ntchito yake yapamwamba ili kwina.

Anabadwa mu 1759 ku Saint-Hubert, dera lomwe lero lili mu Belgium, ndipo anafika ku Paris mu 1782 kukathandiza mkulu wake kupenta zokongoletsa m'nyumba ya zisudzo. Amene anamusula ndi Charles-Louis L'Héritier, woweruza milandu yemwe mtima wake unali pa zomera. Iyeyu anamuphunzitsa kung'amba duwa n'kuwerenga tiziwalo take, kuti chithunzi chithandize katswiri kusiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Kujambula ndi utoto wamadzi pa chikopa chosalala cha mwana wa ng'ombe anakuphunzira kwa Gerard van Spaendonck.

Nthawi imeneyo kunalibe kamera. Akatswiri ankaumitsa zomera pozipanikiza m'mapepala, koma duwa likauma mtundu wake umathawa, ndipo zomera za masamba onenepa ngati aloe zimangofota n'kusokonekera maonekedwe. N'chifukwa chake buku la zomera zotere, lomwe anayamba kutulutsa ndi Augustin de Candolle mu 1799, linali lofunika: burashi inasunga zimene pepala louma linkalephera.

Pachimake pa luso lake ndi Les Liliacées, mabuku 8 a zithunzi 486, omwe anatuluka kuyambira 1802 mpaka 1816 mothandizidwa ndi Joséphine, mkazi wa Napoleon, mwini munda wa Malmaison. M'menemo muli nthochi, chinanazi, maluwa ambiri a ku South Africa, ngakhale Gloriosa superba, duwa lofiira ngati moto lija limamera m'tchire mwathu nthawi ya dzinja. Tayang'anani mmene amaikira chomera patsamba. Kumbuyo kulibe phiri kapena mtambo. Tsinde limakwera mopindika pang'ono ngati likadali ndi madzi, tsamba lina amalitembenuza dala kuti muone kunsi kwake, ndipo pa zithunzi zambiri amaonetsa chitsinde chonga anyezi ndi mizu yake yanyankhalala, zinthu zimene wojambula wofuna kusangalatsa mfumukazi akanazibisa. M'munsi amaikamo tiziwalo ta duwa, tojambulidwa mopepuka. Kukongola ndi kulondola sizikulimbana apa.

Kusindikiza nakonso kunali luso palokha. M'malo mocheka mizere pa mbale ya mkuwa, amisiri ake ankagoba timadontho tosawerengeka, njira yomwe Redouté anaiona ku London cha m'ma 1787. Timadontho tikathithikana pamada, tikatalikirana pamawala, choncho mtundu umasintha pang'onopang'ono monga zimakhalira pa duwa lenileni. Mitundu yonse ankaipaka pa mbale imodzi, kenako n'kumalizitsa ndi burashi pamanja. Amisiriwo sitiwatchula kawirikawiri, koma theka la kufewa kumene timatamandako ndi thukuta lawo.

Nanga Les Roses, ya 1817 mpaka 1824? Dzanja ndi lomwelo, minga ndi masamba n'zolondola, koma diso likafika pa rozi wa makumi asanu limatopa. Mizu palibe, ndipo maluwa ambiri ndi onenepa, odzionetsera. Pofika pa Choix des plus belles fleurs ya 1827, ngongole zitamupanikiza, anayamba kuwonjezera agulugufe ndi madontho a mame kuti ogula akopeke. Apa sayansi inali itatsalira m'mbuyo.

Anamwalira ku Paris mu 1840 ali ndi ngongole. Wofuna kudziwa chimene Redouté ankatha ayambe ndi Les Liliacées, rozi adzamuona pambuyo.