Ulemu Upite kwa Ankhoswe

Pamwambo wa Achewa, mayi kapena bambo sakhala nkhoswe ya mwana wake. Udindowu umagwera malume kapena mchimwene wamkulu. Makolo akale anaona patali. Mayi akamva mwana wake akulira, safunsanso kuti nkhani yayamba bwanji. Mkamwini walakwa basi. Malume nawo amamukonda mwana wa mlongo wawo, koma mtima wawo umatha kudekha mpaka amve mbali zonse.

Patsiku la chinkhoswe, tambala ndi msoti zikasinthana manja, ambiri timangoona zovala ndi ndalama za perekaniperekani. Ntchito yeniyeni imayamba anthu akabalalika. Banja likagwedezeka, ankhoswe akuchimuna ndi akuchikazi amakhala pamphasa n'kumva mkazi, kumvanso mwamuna, osawadula pakamwa. Nkhoswe yodziwa ntchito imadzudzula m'bale wake yemwe, apongozi ali pomwepo. Si chapafupi chimenecho.

Masiku ano ena akusankha nkhoswe poona galimoto, ena akufunsa nzeru kwa anzawo a pa WhatsApp ongovomereza chilichonse. Inu amene mukukonzekera banja, sankhani munthu amene angathe kukuuzani pamaso kuti mwalakwa.