Kodi Makina Angaime Pabwalo?

Inu owerenga, nonse mudziwa mwambo wa pabwalo la milandu. Munthu akati, "Mbuzi iyi ndi yanga," mfumu imfunsa kuti, "Mboni yako ndani?" Pamenepo mboni iimirira, anthu naiona nkhope, naifunsa mafunso, ndipo ikanama, mlandu uigwera iyo yomwe. Mwambo womwewu ulinso kwa anthu ophunzira kwambiri a m'mayunivesite. Iwo akafufuza kanthu alemba zimene apeza, nazitumiza ku magazini a ophunzira anzao. Pamwamba aika dzina lao, pansi nalemba maina a mabuku ndi a anthu amene anawauza. Dzinalo ndilo chikole chao.

Tsono m'mwezi wa November 2022 kampani ya OpenAI ya ku America inatulutsa makina a pa kompyuta, dzina lake ChatGPT. Makinawa anawadyetsa mulu waukulu wa zolemba za anthu, kotero kuti ukawafunsa kanthu ayankha ndi mau osalala. Komatu saona ndi maso, ndiponso sanapite kulikonse. Nchito yao ndiyo kulota mau amene ayenera kutsata pa mau anzake. Chifukwa chake nthawi zina apeka dzina la buku limene silinalembedwe konse, nalinena molimba mtima monga chinthu choona.

Poona ichi, bungwe lolangiza akonzi a magazini otere, la COPE, linapereka chiweruzo chake mu February 2023. Mfundo zake ndi zitatu: makina sangalembedwe monga mwini nkhani, pakuti sangasenze mlandu; wolemba aulule makina amene anagwiritsa nchito ndi chimene anachita nawo; ndipo cholakwa chiri chonse chikhala pa mutu wa wolembayo. Tiyeni tichiyese chiweruzochi.

Mfundo yoyamba ndi yachitatu ndizibvomereza ndi mtima wonse, pakuti ndi nzeru yomwe ija ya pabwalo. Ndikondweranso kuti bungweli silinaletse makina kotheratu. Magazini ya Science inaletsa mau onse a ChatGPT mu January 2023, koma mu November chaka chomwecho inafewetsa lamulo lake. Inachita bwino. Mwana wathu wophunzira ku Zomba kapena ku Mzuzu, amene Chingerezi anachipeza m'sukulu, angakhale ndi zofufuza zabwino koma mau ake nakhala okhota. Makina akamuongolera mau, iye naulula, palibe kuba. Afanana ndi munthu wobwereka khasu, koma munda ndi wake ndi thukuta lomwe.

Mfundo yachiwiri ndiyo iri yopunduka, pakuti kuulula pakokha sikukwanira. Mu February 2024 magazini ya Frontiers in Cell and Developmental Biology inasindikiza nkhani yokhala ndi chithunzi cha khoswe wa ziwalo zosatheka konse, ndi mau olembedwa pambali pake opanda tanthauzo m'chinenero chiri chonse. Olembawo sanabise ai. Analemba poyera kuti zithunzizo zinapangidwa ndi makina a Midjourney. Koma nkhaniyo inapyola m'manja mwa oyesa ndi akonzi, kufikira owerenga wamba anafuula, ndipo inachotsedwa patapita masiku owerengeka. Taonani, munthu angaulule kuti mboni yake ndi chinkhwe, koma chinkhwecho sichisanduka mboni chifukwa cha kuululako.

Bvuto ili litikhudza ife kuno kunyanja koposa eni malamulowo. Nzeru zambiri za kwathu siziri m'mabuku. Ziri m'kamwa mwa akulu. Ku Mua, kumene mishoni inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare muli zinthu za Achewa, Angoni ndi Ayao. Buku lao la Gule Wamkulu linatuluka mu 2012, patapita zaka makumi ambiri akukhala pansi ndi eni mwambo, kufunsa, kubwereranso, ndi kukonza pamene analakwa kumva. Umo ndimo mboni ipezekera: ndi mapazi, ndi makutu, ndi kuleza mtima.

Nanga taganizani wophunzira amene afuna kulemba za chinamwali cha ku Golomoti, kapena za kudza kwa Angoni ku Mtakataka, koma aona kuti ulendo utalika. Afunsa makina. Makinawo, popeza anadya zochepa za Chichewa, atenga mwambo wa mtundu wina, nausakaniza ndi zopeka, naupereka m'mau okoma. Woyesa nkhaniyo ali ku London, sanamvepo ng'oma ya kuno, adzazindikira bwanji? Khoswe uja anagwidwa chifukwa anthu onse adziwa khoswe. Koma bodza la mwambo wathu likasindikizidwa, wina adzalitenga naliika m'buku lake, makina ena nadzalidyanso, ndipo adzukulu athu adzaliphunzira m'sukulu, akulu odziwa zoona atagona kale.

Chifukwa chake nditi chiweruzo cha COPE ndi maziko abwino, koma nyumba siinathe. Akonzi a magazini, a kuno ndi a kunja omwe, aonjezepo izi. Choyamba, wolemba za mwambo anene mudzi umene anafikako, chaka, ndi mtundu wa anthu amene anamuuza. Chachiwiri, buku liri lonse limene aliika monga umboni, akhale ataliwerenga ndi maso ake. Chachitatu, mau amene gogo anamuuza momkhulupirira asawathire m'makina a eni ake popanda chilolezo cha gogoyo, pakuti zolowa m'menemo sitidziwa kumene zikathera.

Ndipo inu a m'mudzi muli nayo mbali yanu. Wofufuza akafika ndi cholembera chake, mlandireni monga mlendo, koma mumfunse kuti, "Mau athuwa mupita nawo kuti? Kodi mudzabwera kudzatiwerengera musanasindikize?" Wofuna zoona sadzakwiya ndi funso lotere. Makolo anati mlandu suola. Ndipo cholembedwa m'buku nachonso sichiola, chabwino kapena choipa. Makina akhale wanchito wonyamula katundu, koma pabwalo paime munthu wa dzina lake.